Kambale ka Mchere Pawindo

Chaka chimene tinkasankha tawuni yoti atate akakhaleko, tonse ana awo atatu tinasanduka akatswiri a zanyengo. Achimwene anga a ku Lusaka, amene chibadwire sayang'ana kumwamba pokhapokha ndege ikamadutsa, anayamba kufotokoza za mphepo ndi fumbi ngati munthu wa pawailesi. Mng'ono wanga wa ku Kitwe anadziwa mwadzidzidzi kuti mvula ya kwawoko imagwa miyezi ingati. Ine wapakati, wosoka mayunifomu a ana a sukulu ku Nabvutika muno mu Chipata, sindinatsalire m'mbuyo. Ndinaphunzira kunyoza mpweya wa tawuni imene ndakhalamo zaka zoposa makumi awiri.

Atate anali mphunzitsi wopuma pantchito. Anaphunzitsa moyo wawo wonse pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Tamanda, ndipo kumeneko ndiko tinabadwira tonse. Kuseri kwa kalasi yawo anazika mtengo, n'kuikapo chitini choyezera mvula, ndipo mwana aliyense wodutsa m'manja mwawo ankadziwa kuwerenga madzi a m'chitinimo asanadziwe n'komwe kulemba kalata. Ife a m'nyumba mwawo ndiye tinaona zokhoma. Sunkangonena kuti kunja kukutentha ayi. Ankakufunsa kuti kutentha kwake n'kouma kapena n'konyowa, ndipo ukayankha mwachisawawa ankakutuma panja kuti ukaimenso padzuwa mpaka udziwe.

Amayi anadwala sitiroko zaka zinayi. Zaka zonsezo anali m'manja mwanga, poyamba ndikuyendera kumudzi, kenako m'nyumba mwanga muno. Ndinawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, ndi kuchapa zimene mwana sayenera kuona za make. Achimwene ankaimba foni Lamlungu lililonse, mng'ono wanga ankabwera pa Khirisimasi n'kulira kwambiri. Amayi atamwalira tinakawaika ku Tamanda. Ndinkaganiza kuti tsopano ndipumako, koma pasanathe miyezi itatu atate anagwa pakhomo pawo kumudzi, mpweya utawathera, ndipo anthu oyandikana nawo anawakweza galimoto n'kudzawatula kwa ine. Kwina akanawatula kuti?

Matenda awo anali mphumu, ndi mtima umene unayamba kufooka. Dokotala amene anawaona anati asamakhale pamalo a chinyezi, ndiponso kutentha kwambiri kumaulemetsa mtimawo. Mawu amenewa anali malangizo wamba, oti munthu azitsekula mawindo ndi kuyanika zofunda. Koma ine ndinawatola n'kuwasunga bwino, ndipo patsogolo pake ndinawagwiritsa ntchito imene dokotalayo sanaiganizire.

Ndinawapatsa chipinda changa chosokeramo, makina n'kuwatulutsa pakhonde. Nyumba yanga ndi ya zipinda zitatu, ya malata opanda siling'i, ndipo munthu akatsokomola kuchipinda amamveka mpaka kumsewu. Atate ankatsokomola kuyambira m'mawa. Anali ndi kachitini ka mchenga kolavuliramo, ndipo wokataya mchengawo ndinali ine. Azimayi obwera kudzayeza ana awo ankati akamva chifuwacho, amayang'anana, kenako amakumbukira kuti asiya nyemba pamoto. Mawa lake umawaona akupita kwa telala wina wa kumsika. Sindikanawaimba mlandu, iwo ankaganiza kuti ndi chifuwa chachikulu.

Ndisanamizire atate, sanali munthu wovuta. Ankayala okha bedi lawo, ankathokoza pa chilichonse, ngakhale madzi akumwa. Koma ankandikonza. Ndikati "ma uniform" kwa kasitomala, mawu ankachokera kuchipinda akuti, "Mwana wanga, sankha chilankhulo chimodzi." Ndinali mayi wa zaka zoposa makumi anayi, ana anga atakula n'kuchoka, mwamuna atapita kalekale kumene anapita, ndipo ndinali kukonzedwabe ngati wa giredi folo. Ndinatopa. Ndilembe poyera, chifukwa nthawi imeneyo sindinanene kwa wina aliyense: ndinatopa mpaka m'mafupa, ndipo ndinkafuna nyumba yanga ikhalenso yanga.

Iwo chimene ankafuna chinali chodziwika. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankavala tayi, n'kukwera minibasi ya ku Tamanda. Ankagona kwa msuweni wawo, Lamlungu n'kupemphera m'tchalitchi chimene anakwatiramo, kenako n'kukaima m'mphepete mwa manda, chipewa chili m'manja. Sankalowa. Ankangoima pamene chulu cha amayi chimaonekera, n'kubwerera. Ulendo umenewu unkatheka chifukwa anali mu Chipata. Ku Lusaka kapena ku Kitwe sukanatheka, ndipo tonse tinkadziwa.

Kumapeto kwa Novembala tinaika chiliza pamanda a amayi, ndipo achimwene ndi mng'ono wanga anabwera. Titabwerako ku mwambowo tinakhala pabalaza panga masana, kuti tikambe za atate. Kunatentha tsiku limenelo. Malata ankalira okha pamwamba pathu, ndipo aliyense ankadzikupiza ndi pepala la ndondomeko ya mwambo. Atate anakhala pampando wawo pafupi ndi chitseko, tayi asanavule.

Kubanja kwathu kuli mawu amene satuluka pakamwa. Tinaleredwa ndi lamulo lachisanu lija lolemekeza atate ndi amayi, tinaliloweza tisanamere mano onse. Mwana wa mphunzitsi wa mishoni sanganene kuti, "Sindingathe kusunga atate anga." Akhoza kudwala nazo, akhoza kuonda nazo, koma kunena ayi. Ndiye poti khomo limenelo linali lotseka, tonse tinalowera khomo la zanyengo, ndipo amene anayamba ndinali ine.

Ndinati Chipata ili m'dzenje. Mapiri aizungulira mbali zonse, ndiye kutentha kukalowa mu Okutobala kulibe potulukira, kumangokhala momwemo pamodzi ndi utsi wa tchire lopsa m'mapirimo. Ndinati mvula ikayamba ndiye zimaipiratu, makoma a kuno ku Nabvutika amatuluka thukuta, nsapato zimachita nkhungu pansi pa bedi, machesi amakana kuyaka. Zonsezi ndi zoona. Zimene ndinasiya ndi zoonanso: kuti madzulo kamphepo kamatsika m'mapiri omwewo munthu n'kupuma bwino, kuti alimi a ku Chipangali akabwera kudzagulitsa mtedza amati kuno n'kozizira, ndiponso kuti anthu a kuchigwa cha Luangwa akamabwera kuno amanyamula majuzi. Zimenezi ndinazimeza. Ndinamaliza ndi mawu a dokotala aja, n'kuwonjezera kuti ndamva kuti Lusaka ili pamtunda, mpweya wake ndi wopepuka.

"Iyayi sisi, musanamizidwe," anatero achimwene. "Ku Lusaka ni fumbi chabe. Mu Juni kuzizira kwake kumalowa m'mafupa, manje mu Ogasiti mphepo ikayamba simungaone na nyumba ya neba. Chifuwa ngati ichi chingapirire? Olo Kitwe ndiye yabwinoko, kuli mitengo."

"Mitengo yake iti, achimwene?" mng'ono wanga anawadula. "Kwathu mvula ikayamba siima. Zovala zimatha masiku atatu pachingwe osauma. Ndiye muwonjezere utsi wa kumigodi. Adadi sangathe mwezi kumene kuja. Kuno kwa asisi ndiye kuli bwino, ni pafupi na kumudzi."

Masiku onse anthu a kwathu akapita kutawuni amabwera akuitama tawuniyo. Achimwene omwewa zaka zonse ankatinyogodola kuti Chipata ndi mudzi wokhala ndi malobotsi a pamsewu. Koma tsiku limenelo aliyense ankanyoza kwawo, n'kumayamikira kwa mnzake mwaulemu waukulu. Achimwene anatulutsa foni n'kuyamba kutiwerengera manambala a chinyezi a matawuni atatuwo, mng'ono wanga anatulutsa yake imene inkanena zosiyana, ndipo tinakangana za manambalawo ngati timawamvetsa. Mwini nkhani anali pomwepo, akupuma movutikira, maso ali pansi.

Kenako anadzuka. Anapita pakabati, n'kutulutsa timbale titatu toikapo makapu a tiyi, ta seti ya amayi imene analandira paukwati wawo, toyera ta mzere wobiriwira m'mphepete. Ananditumiza kukatenga paketi ya mchere yosatsekula. Anaugawa patatu ndi supuni, mosamala, mbali ziwiri n'kuzimanga m'timapepala ta pulasitiki.

"Mafoni anuwo sakugwirizana," anatero. "Mchere sunama. Aliyense atenge kambale kake. Lolemba loyamba la Disembala m'mawa, muthire mcherewu m'kambale, muike pawindo la chipinda chimene ine ndingamagonemo, chamkati, windo lotsekula pang'ono. Musaukhudze mpaka Lachinayi m'mawa. Kumene mchere udzanyowe, kumeneko kuli chinyezi, sindidzakhalako. Kumene udzakhale wouma ndiko ndidzapite."

"Nanga ukauma kuwiri?" anafunsa achimwene.

"Ndiye ndidzasankha ndekha."

Palibe anafunsa kuti adzasankha kuti. Tinaseka pang'ono, tikumati aphunzitsi sapuma pantchito, koma tinavomera msanga, chifukwa aliyense anaona kuti mchere ndi umene udzanene zimene iye akulephera kunena. Ineyo ndinali ndi chikhulupiriro chonse. Disembala wa mu Chipata ndimamudziwa, mchere wanga wa kukhitchini umaundana chaka chilichonse.

Koma chaka chimenecho mvula inagwa kawiri mu Novembala n'kuleka. Lolemba lija kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Atate anathira mchere m'kambale, anausalaza pamwamba ndi msana wa supuni, anaika pawindo n'kukokera katani. Anati woyang'anira mayeso sasuzumira pepala nthawi isanakwane, ndiye sadzauona mpaka Lachinayi. Ine ndinalibe lamulo lotero. M'mawa uliwonse ndinkawapititsira madzi otentha kubafa kuseri kwa nyumba, ndipo iwo akamasamba ndinkalowa kukasesa m'chipinda mwawo. Lachiwiri ndinakweza katani: wouma. Lachitatu: wouma, woyera, wosalala monga anausiyira.

Tsiku lomwelo mng'ono wanga anaimba kuti wake wasanduka kale phala. Mwina zinali zoona, ku Kitwe kunkagwa mvula, ndipo palibe akanapita kukaona. Achimwene sanaimbe. Ine ndinakhala pamakina tsiku lonse ndikuyang'ana kumapiri, kufunafuna mtambo ngati mlimi amene wadzala kale. Ndinasoka kolala ya shati mozondoka, n'kuimasula, n'kuisokanso mozondoka. Madzulo kamphepo kaja kanatsika, kouma bwino, atate anatulutsa mpando panja n'kunena kuti, "Lero ndapuma ngati mnyamata." Ndinawayankha kuti ndi bwino, koma mumtima ndinali ndi mkwiyo umene sindinadziwe poutula.

Lachinayi ndinatenga ndowa ya madzi otentha kupita nayo kubafa, ndinayesa kutentha kwake ndi dzanja monga mwa masiku onse, n'kuwaitana. Atangotseka chitseko cha bafa ndinalowa m'chipinda, tsache ndilibe. Ndinakweza katani. Mchere unali wouma. Dzanja langa linali likudonthabe madzi a m'ndowa muja. Ndakhala ndikudziuza kuti sindinakonzekere, kuti zinangochitika, koma ndikanakhala kuti sindinakonzekere ndikanapukuta dzanjalo pachitenje monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinaliika pamwamba pa kambale n'kuwaza zala kawiri. Ndinabweza katani, n'kupita kukatereka tiyi.

Anatuluka kubafa, anavala, anapesa tsitsi, kenako anandiitana kuti ndikhale mboni. Anavala magalasi, anatenga kambale n'kupita nako pakhomo pamene pali kuwala. Anakayang'ana nthawi yaitali. Anakapendeketsa uku ndi uku. Ine ndinaima kumbuyo kwawo.

"Chipata yalephera," anatero pomaliza. "Imbira mlongo wako."

Achimwene anayankha ndi mawu a munthu amene wagwidwa ndi katundu wakuba. "Adadi, kuno... ni wouma." Ndinamva alamu anga akulankhula chapatali mokweza, foni n'kudulidwa. Achimwene anga ali ndi zofooka zambiri, koma bodza silikhala bwino pakamwa pawo. Pa ana atatu a mphunzitsi uja, amene tinkamuyesa wogona ndiye yekha amene ndikudziwa motsimikiza kuti anachita mayesowo moona.

Atate ananyamuka mu Januwale. Loweruka loyamba la mweziwo ndinawaperekeza ku Tamanda, koyamba chiikire chiliza. Anaima pamalo pawo paja m'mphepete mwa manda, mvula yowaza ikuwanyowetsa mapewa, ndipo anakana ambulera. Pobwerera m'minibasi ankandisonyeza minda ya anthu amene anawaphunzitsa, n'kumatchula amene anachedwa kupalira. Patapita masiku anayi ndinawakweza basi ya ku Lusaka, ndi sutikesi imodzi, Baibulo, ndi mankhwala awo m'kachikwama ka m'manja. Pawindo la basi anandiuza kuti ndisaiwale kudzoza mafuta makina.

Ndinabwerera kunyumba n'kulowetsa makina m'chipinda tsiku lomwelo. Ndinataya kachitini kaja. Ndinagona tulo timene ndinali nditatiiwala, ndipo makasitomala anga anabwerera mmodzimmodzi. Ndinasangalala, sindibisa. Mu Febuluwale chinyezi chinafika chenicheni, makoma anatuluka thukuta, mchere wa kukhitchini unaundana mpaka ndimauphwanya ndi mpeni. Ndinkautenga m'manja n'kumadziuza kuti, waona, ukanawapha munthu wamkulu uja m'nyumba muno. Kwa miyezi ingapo ndinakhulupirira.

Tinkalankhulana ndi atate Lamlungu lililonse madzulo. Sankadandaula. Achimwene ndi alamu ankawasamala, chakudya chinalipo, mankhwala analipo. Koma nyumba yawo inali yodzaza ndi ana, ndiye atate anapatsidwa kachipinda ka kuseri, ka malata, koyang'anana ndi mpanda wa njerwa. Masana onse anthu amakhala ali kuntchito ndi kusukulu, geti lokhoma. Ndikawafunsa kuti ali bwanji, ankandipatsa lipoti la zanyengo. "Kuno n'kouma," ankatero. Tsiku lina anawonjezera kuti, "Koma kulibe mapiri. Mvula sudziwa kumene ikuchokera, umangoona yakupeza."

Mu Juni kuzizira kunawagwetsa, anagona kuchipatala sabata imodzi. Mu Ogasiti fumbi lija achimwene ankanena linafika, ndipo mawu awo pafoni anayamba kuduladula, mawu atatu n'kupuma, mawu atatu n'kupuma. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankaimba okha m'mawa, n'kufunsa ngati ndamva zoti kumudzi kuli bwanji. Ndinkati ndifufuza. Sindinapiteko ngakhale kamodzi, ntchito inali yambiri.

Pakati pa Okutobala achimwene anaimba n'kunena kuti, "Sisi, bwerani mudzawaone." Ndinakwera basi mawa lake. Potsika kuchigwa cha Luangwa mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera mu uvuni, mwana wina anasanza, mayi wina anakomoka pampando. Ndinkadziuza kuti Lusaka ili pamtunda, kukhala bwino tikakwera. Titafika ndinapeza kuti Okutobala ndi Okutobala basi. Kusiyana kwake kunali kwakuti kuno ku Chipata dzuwa likapendeka pamakhala mthunzi wa phiri, pamene kumeneko kunalibe.

Atate ndinawapeza masana, atakhala pabedi, atatsamira mapilo atatu chifukwa chogona chagada sankathanso. Anali ataonda mpaka kolala ya shati inkaoneka ya munthu wina. Miyendo inali yotupa. M'kachipindamo munali motentha moti thukuta linayamba kuyenderera kumsana kwanga ndisanakhale n'komwe pansi, ndipo fani imene achimwene anawagulira inangoima, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Pawindo panali kambale kaja ka mzere wobiriwira, kamene achimwene anatenga. Munali mchere, ndipo pamwamba pake panali fumbi lofiirira.

Anaona kumene ndinayang'ana. "Sunanyowepo," anatero. "Chibwerere changa. Ngakhale mu Febuluwale unangoundana pang'ono. Malo ano anapambana moona."

Ndinakhala pamphepete pa bedi. Ndinawapatsa mtedza wokazinga umene ndinawatengera, anaununkhiza n'kuuika pambali. Anafunsa za makina, za mtengo wa mango wa pakhomo panga ngati wabereka, za msuweni wawo. Kenako mawu anangotuluka okha m'kamwa mwanga.

"Atate, tiyeni tibwerere ku Chipata. Chipinda chija chilipo."

Anapukusa mutu. "Wadutsa pa Luangwa lero. Mtima uwu ungatsike chigwa chija mwezi uno? Tidikire mvula, kuzizire kaye." Anapuma kwa kanthawi, chifuwa chikulira ngati chitseko chosadzoza mafuta. "Ndiponso Chipata inalephera mayeso."

Anatambasula dzanja n'kuloza kambale kaja kuti ndiwapatse. Anakaika pamiyendo, n'kusalaza mcherewo ndi chala.

"Pali phunziro limodzi limene sindinakuphunzitseni," anatero, mawu atatu n'kupuma. "Mchere ukanyowa ndi mpweya, umanyowa ponseponse. Umayambira m'mphepete, umachita mdima pang'ono, umagwirana wonse pamodzi. Pamwamba pamakhalabe posalala." Anandiyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi, monga ankatiyang'anira tili ana. "Wako unali ndi timaenje. Ndinatiwerenga. Tinali tisanu ndi tiwiri, ndipo pakati pa timaenjeto mchere unali wouma."

Ndinafuna kugwada, ndinafuna kutuluka, koma ndinangokhala, manja ali pamiyendo.

"Sindikukuimba mlandu, mwana wanga. Zaka zinayi za amako ndinaziona ndi maso angawa. Unatopa. Ukanangondiuza kuti, atate, ndatopa, tikanakhala pansi n'kuona chochita. Mwina ndikanabwerera kumudzi, wina n'kumandiphikira. Mwina ndikanabwerabe kuno, koma ndikanabwera wotumidwa ndi mwana wanga, osati ndi mchere." Anatsokomola nthawi yaitali, ndinawagwirira kachitini. Atapezanso mpweya anati, "Koma cholakwa ndi changa. Ndinakuphunzitsani kuyeza mvula, kuyeza mphepo. Palibe mwana wanga ndi mmodzi yemwe amene ndinamuphunzitsa kunena kuti watopa."

Pamenepo ndiye panali poti ndinene. Khomo analitsekula okha, anangotsala kundigwira dzanja. Mawu anali atatu basi: ndinalakwa, ndinatopa, ndikhululukireni. Ndinatsekula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Lero kwatentha kwambiri, atate."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana pawindo, kumpanda wa njerwa uja.

"Inde," anatero. "Koma n'kouma."

Ndinakhala nawo masiku anayi. Ndinawasambitsa, ndinawakupiza ndi katoni, ndinanyowetsa thawulo n'kumawaika pamphumi. Nkhani ija sitinaibwerezenso. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Ponyamuka tinagwirizana kuti mvula ikangogwa kawiri ndidzabwera kudzawatenga, ndipo ndinafika kuno n'kutulutsanso makina pakhonde, ndinapaka laimu chipinda chija, ndinagula katani yatsopano. Ndinayambanso kuyang'ana kumapiri kufuna mtambo, monga chaka chapitacho, ngakhale tsopano ndinkaufunira china.

Anamwalira sabata yoyamba ya Novembala, masana, mvula isanagwe kulikonse. Anatsika chigwa cha Luangwa m'bokosi, kumbuyo kwa galimoto, ndipo anadutsa mu Chipata osaima. Tinawaika pafupi ndi amayi. Pamaliro mkulu wina wa mpingo anaimirira n'kunditchula ine monga chitsanzo cha mwana wamkazi wosamala makolo, ndipo azimayi anang'ung'udza movomereza. Mng'ono wanga anandikumbatira akulira. Achimwene ankadziimba mlandu kuti kachipinda kaja kanali kotentha, ndipo ine ndinawatonthoza kuti anachita zonse zimene akanatha. Za timaenje tija sindinawauze, mpaka lero sakudziwa.

Anthu amabwerabe pakhonde panga n'kumakamba za matawuni, makamaka mu Okutobala. Wina mwana wake wapeza ntchito ku Livingstone, akuti kumeneko ndiye kumoto. Wina akufuna kusamukira ku Ndola chifukwa kuno thukuta lamukwana. Amandifunsa kuti, inu mwayendako, kwabwino n'kuti? Ndimawayankha zimene ndikudziwa, kuti uku n'kouma, uku n'konyowa, uku kuli fumbi. Koma ndikamva kuti wosamukayo ndi nkhalamba, ndipo amene akufotokoza bwino za chinyezi ndi mwana wake, ndimaweramira pamakina n'kupalasa mwamphamvu kuti ndisamve zambiri.

Makina sindinawabwezerenso m'chipinda chija. Kambale kanga kali pawindo pomwe paja, ndipo Lolemba loyamba la Disembala chaka chilichonse ndimathiramo mchere watsopano, n'kuusalaza ndi msana wa supuni, n'kukokera katani. Sindisuzumira mpaka Lachinayi. Sindidziwa bwinobwino chimene ndimafuna kupeza. Chaka chatha ndinaupeza utanyowa wokha, kuyambira m'mphepete, wogwirana, wosalala pamwamba, ndendende monga ananenera, ndipo sizinandipepuze ngakhale pang'ono. Chaka chino ndautenga kupita nawo pakhomo pamene pali kuwala, ndaupendeketsa uku ndi uku. Ndi wouma. Atate akanakhala kuno.